Za Gombe la ku Usisya, ndi za Iwo Ofuna Kuligulitsa

Inu nonse okhala m'mphepete mwa nyanja, makamaka inu a kwathu ku Usisya, mutilole mwezi uno tinene mau owawa pang'ono, pakuti akulu anati wakutsina khutu ndiye mnansi. Nkhani yathu ndi ya chinthu chimene tichiponda ndi mapazi tsiku ndi tsiku osachiyesa kanthu, ndicho gombe la nyanja, mchenga uja woyambira pamene madzi alekeza kufikira pamene payamba nyumba za anthu ndi minda ya chinangwa.

Munthu aime pa gombe la Usisya tsiku lofika sitima ya Ilala, napenye. Popeza palibe pokocheza sitima yaikulu, iyo iima patali, ndipo maboti ache ndiwo atuta anthu ndi katundu. Pa mchenga pomwepo padikira odwala omka ku chipatala, ana obwerera ku sukulu zakutali, amai a matumba a usipa, ndi iwo odzalandira malata ndi ufa. Ngakhale tsiku lopanda sitima gombe silikhala chete. M'bandakucha asodzi akocheza mabwato ao nayanika chilimira. Usipa uyanikidwa pa thandala. Amai atunga madzi, natsuka mbale, nachapa nsaru. Ana aphunzira kusambira ndi kupalasa. Akulu asoka makoka pa mthunzi nakambirana za mwera ndi mpoto. Gombe ndilo msika wathu, ndilo mseu wathu, ndilo chitsime chathu ndi bwalo lathu; ndipo kuyambira makolo athu palibe munthu anapereka ngakhale tambala limodzi kuti apondepo.

Tsono ife tinena kuti ufulu umenewu uli pafupi kutipulumuka, ndi kuti amene adzautaya ndife eni ache, tikapanda kuuka msanga ndi kupatula gombe lathu, kulilemba ndi kulisunga, kuti likhale la anthu onse kosatha.

Chimene chinatitsegula maso ndi ichi. Chaka china tinatenga ana a sukulu yathu kumka nao kummwera kwa boma lathu, kuti akaone Bandawe wakale, kumene a Mishoni ya Livingstonia anasamukira m'chaka cha 1881 pochoka ku Cape Maclear. Dzuwa litakula tinapatuka pa mseu, titsata kanjira kotsikira ku nyanja, kuti ana asambe nadye kamba wao. Kanjirako kanathera pa mpanda wa waya ndi chipata, ndipo pa chipata panali mlonda, munthu wa imvi, wa mudzi womwewo. Anatilonjera mwaulemu, nati, "Pepani aphunzitsi, muno nkoletsedwa. Eni ache kulibe, koma ndikakulolani, nchito yandithera." Tinawafunsa kumene eni achewo ali, anati akhala ku mzinda, nafika kawiri kapena katatu pa chaka. Tinawafunsanso kumene iwo asamba. Analoza kutali kuseri kwa miyala. Ndipo potsazikana anaonjeza kuti pansi pa mtengo uja wa m'kati mwa mpanda ndi pamene atate ao ankakocheza bwato. Tinabwerera ku mseu ndi ana osasamba, nyanja tirikuiona ndi maso.

Mlondayo sitimtsutsa; iye alikusunga mimba ya ana ache. Koma chimene tinaona tsiku lija sichiri cha malo amodzi. Yense amene anayenda mseu wochokera ku Mangochi kumka ku Monkey Bay adziwa kuti m'malo ambiri nyanja saiona, ingakhale iri pafupi. Chimene aona ndi zikwangwani ndi zipata za mahotela, ndi za nyumba zopumuliramo za makampani ndi za anthu achuma. Momwemonso ku Senga Bay m'boma la Salima. Ndipo pakati pa Chintheche ndi Kande mipanda yotere siisowa. Kumene kunali madoko ambiri asodzi athithikana pa ochepa otsala, ndi mkazi amene amache ankatunga madzi pakhomo azungulira mtunda ndi ndowa pamutu. Ndiponso tisanamizane kuti ochita izi ndi Azungu okha. Ambiri ndi ana a dziko lino, olankhula monga ife. Malamulo a malo anakonzedwanso m'chaka cha 2022, nachepetsa njira ya munthu wa dziko lina wofuna malo muno. Koma waya womangidwa ndi Mmalawi ubaya chimodzimodzi ndi waya womangidwa ndi mlendo.

Nanga bwanji ku Usisya gombe lathu likali lotseguka? Tisadzitame kuti ndi nzeru zathu. Chatisungira gombe ndi mapiri aja otizinga, ndi mseu wochokera ku Mzuzu kudzera ku Choma, umene kwa zaka zambiri wakhala woopsa kwa oyendetsa galimoto, makamaka m'dzinja. Mseu umenewo tiulira usana ndi usiku, ndipo tichita bwino kuulira, pakuti odwala athu avutika nao, ndi nsomba zathu zitsika mtengo chifukwa cha iwo. Koma walira mvula walira matope. Tsiku limene galimoto yaing'ono ya ku mzinda idzatsika phiri lija mosavuta, tsiku lomwelo adzatsikanso ofunsa mtengo wa mchenga wathu. Ndipo tiri nao kale pakati pathu anthu onena poyera kuti wogula akafika iwo sadzachedwa. Chaona mnzako chapita, mawa chiri pa iwe. Chifukwa chache tiyenera kuyankha tsopano mau amene ogulitsa adzikanira nao, ndipo tiwatenga amodzi amodzi.

Woyamba ati, "Malo ndi anga, anandisiyira makolo, ndiri ndi ana ofuna ndalama za sukulu, ndipo ndidzachita nao monga ndifuna." Mbale wathu, ife aphunzitsi tidziwa bwino kuwawa kwa kuona mwana wanzeru atakhala pakhomo chifukwa cha kusowa ndalama, ndipo sitiseka umphawi wanu, pakuti uli wathunso. Koma tiuzeni, ndani wa makolo anu analima mchenga? Munda wa chinangwa ndi wanu, bwalo la nyumba ndi lanu. Koma doko limene liri kutsogolo kwa nyumba yanu akochezapo ndi ena, ndi njira yopyola pambali pa munda wanu ndiyo imwetsa mabanja onse okhala kumbuyo kwanu kufikira m'tsinde mwa phiri. Pogulitsa inu mulandira nokha mtengo wa chinthu chimene eni ache ndi ambiri, ndipo munthu wochita chomwecho ndi mbuzi ya mnzache tonse tidziwa dzina limene timutcha. Ndiponso werengani bwino zaka. Wogula sakhuta ndi mau a pakamwa; amka ku Boma nakatenga kalata ya malo yotchedwa lizi, imene kawirikawiri iri ya zaka 99. Ndalama zanu zidzatha malata asanachite dzimbiri, koma khanda lobadwa lero lidzakalamba ndi kufa mpanda uli chiimire.

Wachiwiri ati, "Alendo abwera ndi nchito ndi chitukuko, kodi mufuna tikhale m'mbuyo masiku onse?" Iai, sitida alendo. Mlendo wodzaona nyanja yathu agula nsomba, mazira ndi zipatso, nalipira wompalasira bwato ndi womtsogolera ku phiri. Nyumba ya alendo yoyendetsedwa bwino ndi dalitso pa mudzi, ndipo tikondwera kuti ichuluke. Chimene tikana ndi chimodzi chokha, ndicho mpanda wofika m'madzi. Mlendo afuna pogona, chakudya ndi mtendere. Zonsezi azipeza nyumba itamangidwa kumtunda pang'ono, mchenga utasiyidwa wa onse. Ndipo za nchitozo, tipempha kuti muwerenge ndi zala zanu. Pa nyumba yopumuliramo munthu mmodzi wachuma alembedwa angati? Mlonda, wophika, wosesa, kapena ndi wina wa maluwa. Tsono werengani amene adya za doko limodzi: osema mabwato, eni makoka, anyamata a chilimira, amai oyanika ndi ogulitsa, osenza matumba, ophika zitumbuwa, ndi amasiye amene alandira kausipa ka ndiwo bwato likafika. Kutseka pakamwa pa ambiri awa kuti adye anai aja, ndiko kumene akulu anakutcha chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Wachitatu ati, "Nkhani ya malo ndi ya mafumu, ife anthu wamba tilowererapo bwanji?" Mafumu athu tiwalemekeza, kuyambira nyakwawa ya mudzi kufikira Mfumu yaikulu M'bwana, ndipo palibe chimene tifuna chichitike kuseri kwao. Koma mwambo wa makolo sunayese mfumu mwini wa dziko monga munthu ali mwini wa malaya ache. Mfumu ndiye msungi, wosungira amoyo, akufa ndi osabadwa. Mbiri ya dziko lino itichenjeza pa ichi. M'masiku oyamba a Azungu mafumu ena a ku mapiri a Shire anapereka maiko akulu posinthana ndi nsaru, mikanda ndi mfuti, osadziwa kuti pepala limene aikapo chala linena zosiyana ndi zimene iwo ayesa. Kuyambira 1892 Harry Johnston anapatsa ogulawo makalata otsimikiza kuti malo ndi ao. Ndipo ngakhale makalata ambiri ananena kuti midzi yopezeka pamenepo isasunthidwe, adzukulu a eni dziko anasanduka a thangata pa nthaka ya makolo ao. Mfumu yokhala yokha pamaso pa munthu wa galimoto ndi chikwama iri pa mayeso akulu, anthu ache akaima nayo ipeza poyankhira, niti, "Sindingathe, pakuti anthu anga anapangana kale." Mutu umodzi susenza denga. Ndiponso lamulo la malo a makolo la chaka cha 2016 linaika komiti ya malo pansi pa Gulupu aliyense, ya anthu osankhidwa ndi midzi, amuna ndi akazi, kuti nkhani ya malo isathere m'nyumba ya munthu mmodzi. Wonena kuti anthu wamba alibe mau pa malo sadziwa mwambo, sadziwanso lamulo.

Wachinai ati, "Nyanja ndi ya Boma, ndipo Boma lidzatisungira." Zoona, Boma linachitapo kanthu. M'chaka cha 1980 linapatula mapiri, zisumbu ndi madzi a ku Cape Maclear kuti akhale nkhalango yosungidwa, ndipo m'chaka cha 1984 a UNESCO anawerenga malowo pakati pa chuma cha dziko lonse lapansi, chifukwa cha tinsomba ta mbuna timene sitipezeka kwina. Nchito imeneyo ndi yabwino. Koma iri kutali kummwera, ndipo inachitidwa chifukwa cha nsomba, mitengo ndi nyama. Doko la mkazi wa ku Usisya silinali m'maganizo a olemba lamulo lija. Kumbukiraninso za Chintheche. M'zaka za m'ma 1970 kunakonzedwa zomanga kumeneko fakitale yaikulu ya mapepala, yodya mitengo ya ku Chikangawa. Anthu anasunthidwa pa malo ao, koma fakitaleyo sinamangidwe. Sitinena izi ponyoza Boma, koma kuti tidziwe kuti wokhala ku Lilongwe aona gombe lathu pa mapu, ngati kamzere kopanda anthu. Amene adziwa pamene pali doko, pamene pali manda ndi pamene pali njira ya ku madzi ndife. Tikakhala chete, mapu adzalankhula m'malo mwathu.

Kapena wina adzati, "Zonsezi tamva, koma anthu osauka angathe bwanji kusunga malo otere?" Tiyankha ndi zimene anthu anachitadi.

Ku Salima kuli chisumbu cha Mbenji. Kuyambira zaka za m'ma 1950 a Mfumu Makanjira ndi anthu ao akhala akutseka chisumbucho nyengo ya dzinja, kuti nsomba ziswane, natsegulanso ndi mwambo mvula itatha. Pa chisumbupo saloleza mowa, chamba kapena juga, ndi wolakwa amchotsa. Lamulo limeneli silinachokere ku Zomba kapena ku London. Linabadwa pa bwalo la mfumu, ndipo lakhala zaka zoposa 60, kotero kuti ophunzira a maiko ena adza kudzafunsa chinsinsi chache. Sitinena kuti titenge malamulo onse a Mbenji, pakuti kumeneko akazi safikako, pamene gombe lathu eni ache oyamba ndi amai. Chimene titengako ndi ichi, kuti anthu a m'midzi akhoza kuika lamulo pa malo a onse ndi kulisunga mibadwo.

Ngakhale m'boma lathu lino chitsanzo chiripo. Lamulo la usodzi la 1997 linatsegula njira yakuti asodzi eni ache asunge nsomba pamodzi ndi Boma mwa makomiti a pa gombe. Ndipo kuyambira 2012 bungwe la Ripple Africa, lochokera ku Mwaya pafupi ndi Kande, linathandiza midzi kuika makomiti osunga nsomba, oletsa kukokera ndi masikito ndi kulonda malo oswerana chambo. Kuno kwathu bungwe la Temwa, limene linayamba m'chaka cha 2003, lagwira nchito ndi midzi pa kubzala mitengo. Tsono ngati taphunzira kusunga nsomba iri m'madzi ndi mtengo uli pa phiri, chitiletsa nchiani kusunga mchenga umene uli pakati pa ziwirizi? Kodi tidzaweta chambo kuti tisowe pokocheza bwato lochigwira?

Tipenyenso kutsidya kwa nyanja zamchere. Ku England anthu anaona minda ya onse ndi magombe zirikutsekedwa ndi eni chuma, ndipo m'chaka cha 1895 anthu atatu, mai Octavia Hill, Robert Hunter ndi mbusa Hardwicke Rawnsley, anayambitsa bungwe la National Trust, logula ndi kulandira malo okoma kuti akhale a anthu onse. Malo oyamba anali kaphiri kopenya nyanja ku Barmouth m'dziko la Wales, mphatso ya mai wina dzina lache Fanny Talbot. M'chaka cha 1902 anagula Brandelhow, nkhalango ya m'mphepete mwa nyanja yaing'ono ya Derwentwater, ndi ndalama zosonkha, ndipo pakati pa osonkhawo panali anchito osauka a m'mafakitale. M'chaka cha 1907 nyumba ya malamulo inalola kuti malo a bungwelo alembedwe osagulitsika. Lero bungwelo lisunga gombe la mamailosi oposa 700. Taonani, ngakhale kwao kwa Azungu gombe silinadzisunge lokha. Analisunga ndi anthu osonkha makobiri ndi kulemba mapepala.

Ndipo atate athu amene anamka ku Joni, ku Durban ndi ku Cape Town anabwera ndi mbiri ya magombe okhala ndi zikwangwani zoletsa munthu wakuda, monga mwa lamulo la tsankho la 1953. M'mwezi wa August 1989 Bishopu Desmond Tutu anatsogolera anthu kukaponda mchenga woletsedwa pafupi ndi Cape Town, apolisi ali pomwepo. Chaka chomwecho chisanathe magombe anatsegulidwa, ndipo m'chaka cha 2008 dzikolo linaika lamulo lakuti gombe la nyanja ndi chuma cha nzika zonse. Iwo anachita kulimbana kuti alandirenso chimene analandidwa. Ife sitinalandidwe, tifunika kungosunga chimene chiri m'manja mwathu, ndipo tikachitaya tidzakhala opanda chowiringula. Boma lino la Nkhata Bay silisowa mbiri ya anthu odziwa kupangana: aphunzitsi ndi akulu a kuno anayambitsa West Nyasa Native Association m'chaka cha 1914, ndi Clements Kadalie wa ku Chifira anasonkhanitsa anchito a pa doko la Cape Town m'chaka cha 1919. Kodi adzukulu ao adzalephera kupangana za mchenga wa pakhomo pao?

Koma tisanafike pa zoyenera kuchita, tidzitsutse tokha, pakuti mlandu suli wa ogula ndi ogulitsa okha. Gombe limene tinena kuti ndi la onse talisunga ngati lopanda mwini. Alipo amene ayesa mchenga chimbudzi, pomwepo pamene ena atunga madzi akumwa. Ndipo sitinaiwale kolera wa chaka cha 2022, amene anasautsa kwambiri midzi ya m'mphepete mwa nyanja m'boma lathu. Mapepala a pulasitiki ndi mabotolo osweka ali mbwee. Mitengo ya mthunzi tadula kuti tiwambire nsomba. Bango, mobisalamo tiana ta nsomba, tatentha. Wogula akafika adzaloza zimenezi nadzati, "Onani umo asungira, ine ndidzasesa ndi kubzala maluwa." Ndipo adzakhala atanena zoona. Munthu amene sasesa bwalo lache alibe mphamvu pokana wofuna kulitenga.

Tsono tichitenji? Tipereka uphungu uwu kwa mafumu, kwa akulu a mipingo yonse, kwa aphunzitsi anzathu, kwa makomiti a asodzi ndi kwa amai a m'midzi.

Choyamba, tsiku lipangidwe lakuti mafumu ndi anthu ayende pamodzi gombe lonse ndi mapazi, akulu okalamba ali patsogolo, natchule doko liri lonse ndi dzina lache, njira iri yonse yotsikira ku madzi, poyanika usipa, posamba amuna, posamba akazi, manda ndi mitengo ya mthunzi. Amai asasiyidwe, pakuti njira zambiri adziwa ndi iwo. Ana a sukulu okhoza kulemba atsate ndi makope.

Chachiwiri, malire ayesedwe kuchokera pamene madzi afika nyanja itadzala. Nyanja yathu ikwera ndi kutsika. Pakati pa 1915 ndi 1935 inatsika kotero kuti mtsinje wa Shire unaleka kutuluka bwino, ndipo m'chaka cha 2024 inakwera nimiza nyumba zambiri za alendo zomangidwa pa mchenga ku Mangochi, ku Salima ndi kwina. Malire oikidwa m'chaka cha madzi ochepa adzamira m'chaka cha madzi ambiri, ndi njira ya anthu idzamira nao. Chifukwa chache tiyambire pa mzere wa 2024, pamene tonse tikumbukira, tionjezepo mapazi amene tidzapangana, kuti pakhale poyenda ndi pokokera bwato nyengo zonse.

Chachitatu, zonsezi zilembedwe, ndi mapu ache, ndipo komiti ya malo ipemphe Khonsolo ya Nkhata Bay kuti gombe ndi njira zache zilembedwe ngati malo a onse, osapatsidwa kwa munthu mmodzi. Pakuti lamulo la 2016 lija lizindikira malo otere. Kalata imodzi ikhale kwa mfumu, ina ku Khonsolo, ina ku sukulu kapena ku mpingo, kuti chiswe kapena moto wa nyumba imodzi usathe umboni wonse. Mau a pakamwa afa ndi mwini wache. Wogula adza ndi pepala, ndipo chomgonjetsa ndi pepala lomtsogolera.

Chachinai, pa malire pabzalidwe mitengo, mabanja agawane kuisamala, kuti mwana wobadwa m'tsogolo aone malire ndi maso osafunsa munthu.

Chachisanu, tipangane kuti nkhani iri yonse yopereka malo oyandikana ndi nyanja ilengezedwe poyera masabata atatu isanathe, monga tichita ndi ukwati, kuti wokhala ndi chifukwa anene. Ukwati wa anthu awiri tiulengeza katatu. Nanga malo odyetsa mudzi wonse aperekedwe usiku m'chipinda? Wofuna kumanga nyumba ya alendo alandiridwe ndi manja awiri, amange kumtunda kwa mitengo ija, nalembe ndi dzanja lache kuti sadzatseka mchenga kapena njira.

Chachisanu ndi chimodzi, pakhale thumba la gombe. Bwato liri lonse lipereke kambale ka usipa pa nyengo, ndi banja liri lonse monga likhoza. Ndi ndalamazo tilipire woyesa malo, ulendo wa ku Boma, ndi kukumba zimbudzi pafupi ndi madoko. Osunga thumba akhale awiri, mwamuna ndi mkazi, ndipo awerenge ndalama pa bwalo pamaso pa onse kawiri pa chaka. Pakuti tidziwa mabungwe ambiri abwino amene anafa chifukwa cha thumba losawerengedwa. Ife amene tinaumba njerwa ndi kusenza mchenga pamutu pomanga masukulu ndi nyumba zopemphereramo sitinganene kuti nchito yotere yatikulira.

Tidziwa kuti mau awa adzakwiyitsa ena, kapena ndi abale athu eni, amene anawerengera kale ndalama za mchenga m'mitima mwao. Tiwapempha asatiyese adani. Sitifuna kulanda munda wa munthu, kapena kuletsa munthu kulemera. Tifuna kuti adzukulu ao omwe akapeze pokocheza. Madzi akatayika saoleka, ndipo gombe likalowa m'kalata ya zaka 99 kulira sikudzalibweza. Lero nchito iyi ifuna mapazi, kope ndi kumvana. Mseu ukadzafika idzafuna maloya ndi ndalama zimene tiribe.

Chifukwa chache inu amene mwawerenga, musapinde pepala ili ndi kuliika pansi pa mphasa. Muwawerengere iwo osadziwa kuwerenga, mukambirane pa doko ndi pa mtondo, ndipo mupite kwa nyakwawa yanu mwaulemu, mufunse tsiku loyenda gombe. Tifuna kuti tsikulo lipangidwe mvula ya chaka chino isanagwe.